Kuyenda ndi wotsogolera alendo ku Muizenberg: ndalama yake ikuoneka pa mbiri

Amalawi ambiri okhala mu Johannesburg akafuna kuona nyanja yamchere amaganiza za Durban chifukwa ndi pafupi, koma gulu lathu la kumpingo linasankha Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo kumeneko tinalipira kampani ina yaing'ono yoyenda ndi alendo wapansi kuchokera ku Muizenberg kukafika ku Kalk Bay. Ndikulemba za ntchito ya kampaniyo pofuna kuthandiza anzathu amene akukonza za tchuthi cha Disembala.

Gombe lenilenilo silifuna wokutsogolerani. Mukatsika sitima yapamtunda yochokera mu mzinda wa Cape Town, mchenga uli pomwepo, pamodzi ndi tinyumba tamatabwa topakidwa utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira timene timaoneka pa zithunzi zambiri. Madzi a False Bay, mbali ya nyanja imene kuli Muizenberg, ndi ofundako poyerekeza ndi a mbali ya Atlantic, ngakhale munthu wozolowera kusamba ku Senga Bay adzawamvabe kuzizira mpaka m'mafupa. Wotitsogolera anachita bwino kutifotokozera za mbendera za bungwe la Shark Spotters, limene anthu ake amakhala paphiri kuyang'ana nsomba zoopsa za shaki: mbendera yoyera ikakwezedwa ndipo sairini ikalira, aliyense ayenera kutuluka m'madzi msanga. Amayi amene anali ndi ana anamvetsera mawu amenewa mwachidwi kuposa china chilichonse.

Pamene ndalama yathu inagwira ntchito ndi pa mbiri ya malowo. Bamboyo anatiimika pafupi ndi nyumba yakale ya Het Posthuys, imene Adatchi ankaigwiritsa ntchito poyang'anira zombo, ndipo anatilozera m'munsi mwa phiri pamene panachitikira nkhondo ya mu 1795, imene inatsegulira Angerezi njira yolanda dera la Cape. Patsogolo pang'ono pali kanyumba kofoleredwa ndi udzu kamene Cecil Rhodes anamwaliramo mu 1902. Kuchepa kwa kanyumbako kumadabwitsa ukakumbukira kuti dzina la mwini wake linapatsidwa kwa maiko awiri, ndiponso kuti kampani yake, British South Africa Company, inkapereka ndalama zoyendetsera boma la Harry Johnston kwathu m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda. Wotitsogolera sanatchule mbali imeneyi, koma mkulu wina wa m'gulu lathu amene anaphunzitsapo sukulu ku Dedza ataikamba, bamboyo anamvetsera modzichepetsa, nafunsa mafunso, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha khalidwe limenelo.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi chakuti nkhani ya tsankho anangoidumpha. Gombe limeneli linali la azungu okha pa nthawi ya apartheid, ndipo lamulo logawa malo achisangalalo potengera khungu, limene linakhazikitsidwa mu 1953, linathetsedwa mu 1990. Kampani imene imadzitcha yofotokoza mbiri siyenera kudikira kuti mlendo achite kufunsa za zimenezi, makamaka ikamayenda ndi anthu akuda amene makolo awo ankagwira ntchito m'dziko lino koma osaloledwa kuponda pa mchenga umenewo.

Kanjira kakonkire kochokera ku Muizenberg kupita ku St James kamadutsa pakati pa njanji ndi nyanja, ndipo ndi kaulere. Madzi akadzaza, mafunde amamenya miyala n'kuthovokera m'njiramo, kotero nsapato zoterera ndi zovala zakutchalitchi n'zosayenera. Kampaniyo inkayenera kutichenjeza za zimenezi tisananyamuke, monganso za mphepo yamphamvu ya m'chilimwe imene imaulutsa mchenga kulowa m'maso ndi m'chakudya. Ku St James kuli dziwe lotchingidwa ndi khoma limene ana angasambemo bwinobwino, koma tinangopatsidwa kanthawi kochepa chifukwa wotitsogolera ankathamangira kukatisiya padoko la Kalk Bay, pamene asodzi amagulitsa nsomba zongovuulidwa kumene.

Amene akungofuna kusamba ndi kujambula zithunzi asunge ndalama yawo, akwere sitima ayende okha. Amene akufuna kumva mbiri alipire, koma apangane ndi kampaniyo pasadakhale kuti ulendowo uyambe m'mawa mphepo isanakule, ndiponso kuti ana apatsidwe nthawi yokwanira padziwe la St James.