DSML, LDIF kapena SCIM: iti yosamutsira maakaunti a mu LDAP?

LDAP ndi njira yomwe mapulogalamu amafunsira ndi kusinthira directory, kaundula wa maakaunti pa seva. Ngati ntchito yanu ndi kungotulutsa maakaunti mu seva imodzi n'kukawathira mu ina, LDIF, fayilo ya mawu wamba yolembamo maakauntiwo, ikukwanirani. Inakhazikitsidwa mu chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 2849 m'chaka cha 2000, ndipo mapulogalamu a ldapmodify, slapadd komanso ldifde ya pa Windows onse amaiwerenga. Vuto lake ndi timipata. Mzere woyamba ndi kampata kamodzi umatengedwa ngati kupitiriza kwa mzere wam'mwamba, ndipo mzere wopanda kanthu ndiwo umalekanitsa akaunti ndi inzake. Zilembo zosakhala za ASCII (zilembo wamba za Chingerezi), monga ŵ wa mu Malaŵi, zimalembedwa mu base64, kalembedwe kozisandutsa zilembo ndi manambala osakanikirana, pambuyo pa makoloni awiri, choncho fayilo ija simungaiwerengenso ndi maso.

DSML, njira yolembera za LDAP mu XML (kalembedwe ka data kokhala ndi ma tag), ndi nkhani ina. Mtundu woyamba wa mu 1999 unkangofotokoza zomwe zili mu directory, koma DSMLv2 ya bungwe la OASIS imanyamula malamulo a LDAP enieniwo mu XML: searchRequest, addRequest, modifyRequest ndi delRequest, onse atakulungidwa mu batchRequest. Amatumizidwa ngati fayilo kapena kudzera pa SOAP ndi HTTP, njira zotumizira uthenga pa intaneti, motero amadutsa ngakhale pomwe doko 389, lomwe LDAP imadutsira, latsekedwa. Ndipo ŵ uja amalembedwa mmene alili, chifukwa XML imalandira UTF-8.

Misampha yake ndi itatu. Mu DSMLv2 mulibe bind, lamulo la LDAP lolowera mu seva, kotero dzina ndi pasiwedi zimadalira HTTP. Osatumiza pasiwedi popanda TLS, yomwe imabisa uthenga panjira. Mukapanda kulemba onError="resume", akaunti imodzi yolakwika imaimitsa mulu wonse wotsala. Mukasankhanso processing="parallel", lamulo losintha akaunti likhoza kufika akauntiyo isanapangidwe. Kusaka nakonso n'kotopetsa: chomwe mu LDAP ndi uid=x, kuno chimafuna equalityMatch yokhala ndi value m'kati mwake. Komanso maseva ambiri salankhula DSML okha, amafuna gateway pakati, yomwe ndi pulogalamu inanso yoti muziisamalira.

SCIM 2.0, njira yosamalira maakaunti kudzera pa HTTP ya mu RFC 7643 ndi 7644 za 2015, inasiya XML n'kutenga JSON, kalembedwe kena ka data. Imadziwa /Users ndi /Groups, koma mtengo wa ma DN (mayina osonyeza pomwe akaunti ili mu directory) siiudziwa, ndiye ma OU anu, nthambi zogawira maakauntiwo, muyenera kuwapezera malo nokha.

Ife timati DSML isankheni pokhapokha pulogalamu yomwe mukulumikizana nayo ikuifuna, monga IHE HPD, kaundula wa ogwira ntchito zaumoyo yemwe anamangidwa pa DSMLv2. Pulogalamu yatsopano ya pa intaneti ipatseni SCIM.