Chaka ndi theka pa minoxidil ndi finasteride ku Moatize: pena labwerera, pena lakana

Pakati pa mutu tsitsi labwerera, ngakhale si lonse. M'ngodya ziwiri za pamphumi, pomwe dazi linayambira, palibe chasintha. Amene munandifunsa nditangoyamba kumene kuti mankhwalawa amagwiradi ntchito kapena ndi kuba ndalama, yankho langa patatha chaka ndi theka ndi lakuti amasunga tsitsi lomwe likadalipo ndi kulimbitsa lomwe layamba kufooka. Pomwe payera kale mpaka kunyezimira, musayembekezere kanthu.

Dazi la anyamata ambiri ndi lakumtundu. Thupi limasandutsa gawo lina la testosterone, mahomoni achimuna, kukhala mahomoni ena otchedwa DHT, ndipo mwa anthu ena mizu ya tsitsi la pamphumi ndi pakati pa mutu imafota chifukwa cha DHT imeneyi. Tsitsi limayamba kutuluka lopyapyala ndi lalifupi, chaka ndi chaka, mpaka muzu kusiyiratu. La kunkhongo ndi la pamwamba pa makutu silikhudzidwa kwenikweni, n'chifukwa chake agogo adazi amatsala ndi tsitsi lozungulira kumbuyo ngati nkhata. Kwathu ku Ulónguè, ku Angónia, amati ukafuna kudziwa tsogolo la mutu wako uyang'ane atsibweni ako. Sakunama kwenikweni, poti china mwa zoyambitsa chimadzera kwa mayi, koma kuchimuna nakonso kumapatsira. Anzanga akumgodi amanamizira chisoti chomwe timavala tsiku lonse. Chisoticho n'chosalakwa: tonse timavala, koma ena tsitsi lawo lili mbwee.

Musanagule chilichonse, kaonaneni ndi dokotala. Chipere, kuthothoka kwa zigamba zozungulira, ndi timatuza ta kunkhongo tobwera chifukwa chometa ndi lezala ndi matenda ena, ndipo mankhwala ake ndi enanso. Wanga ndinamupeza mumzinda wa Tete, ndipo ndiye anandilembera zonse ziwiri, minoxidil ndi finasteride.

Minoxidil ndi wodzola, wanga ndi wa 5%, 1 ml m'mawa ndi 1 ml madzulo pakhungu louma. Poyamba anali mapiritsi a BP, madokotala n'kuona kuti odwala akumera ubweya, ndipo mu 1988 boma la America linavomereza wodzola pa dazi. Miyezi iwiri yoyamba ndi yoopsa mtima. Tsitsi limathothoka kuposa kale, chipeso chimadzaza, ndipo apa ndi pomwe ambiri amataya botolo. Chomwe chimachitika n'chakuti tsitsi lakale lomwe linali litasiya kukula limakankhidwa kuti latsopano lituluke. Kwa ine ubweya wofewa unayamba kuoneka cha m'mwezi wachinayi, ndipo amene anauona koyamba ndi wometa wanga: “Achimwene, pakatipa mukuthirapo chiyani?”

Zomwe pepala la m'bokosi silinena ndi za dzuwa la Tete. Mankhwalawa amafuna maola angapo pakhungu asanakumane ndi madzi. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye ukadzola m'mawa n'kuvala chisoti, pomafika 8 koloko zonse zatsika ndi thukuta. Sizingotayika chabe, zimatsikira kumaso, ndipo ine ndinamera tiubweya takuda m'mbali mwa maso pomwe sindinatifune. Ndinakambirana ndi dokotala, tsopano m'masiku a ntchito ndimadzola madzulo okha ndikasamba, nthawi yogona isanayandikire kuti zisapake pa pilo. Kawiri pa tsiku ndimakwanitsa ndikakhala pa tchuthi ku Angónia kozizira. Minoxidil wamadzi amene ndimadzolayu amayabwitsanso ndi kutulutsa mfundu, chifukwa muli propylene glycol. Wathovu alibe zimenezo koma kuno sapezeka wamba, ndiye chinandithandiza ndi shampu ya ketoconazole kawiri pa sabata. Oweta amphaka samalani, minoxidil ndi poizoni kwa mphaka ngakhale atangonyambita pang'ono.

Finasteride ndiye amene ndikuona kuti wagwira ntchito yaikulu, komanso ndi amene anyamata timamuopa. Ndi piritsi la 1 mg tsiku lililonse, linavomerezedwa pa dazi mu 1997, ndipo limatsitsa DHT m'magazi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Silionetsa zodabwitsa msanga. Umangozindikira kuti m'bafa tsitsi lasiya kugwa, ndipo chithunzi cha chaka chatha ndi cha lero mzere wa pamphumi uli pomwepo. Za mantha aja tinene poyera: pa kafukufuku amene anachitika lisanavomerezedwe, amuna pafupifupi awiri mwa 100 anadandaula kuti chilakolako cha m'nyumba chatsika, ndipo ena mphamvu zinachepa. Ambiri zimatha akasiya kumwa, koma alipo amene amanena kuti zinapitirira, ndiponso ena amakhumudwa mumtima mopitirira. Ine masabata oyamba ndinkadzimvetsera kwambiri moti sindingasiyanitse ngati chinali piritsi kapena nkhawa, kenako zonse zinakhala bwino. Sindinganene kuti aliyense zidzamuyendera chimodzimodzi, ndipo amene waona kusintha asachite manyazi kubwerera kwa dokotala.

M'mafamasiya ambiri mumapeza la 5 mg, lomwe ndi la abambo ovutika ndi prostate, ndipo ena amalidula panayi. Ngati dokotala wakulolani kutero, zidutswazo muzisunge patali. Mayi woyembekezera sayenera kugwira piritsi loswedwa, chifukwa likhoza kuwononga ziwalo zobisika za mwana wamwamuna ali m'mimba. M'nyumba zathu momwe alamu, alongo ndi ana amatsegula kabati imodzi, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Vuto lenileni kuno si mankhwalawo, ndi kuwapeza mwezi ndi mwezi osadukiza. Botolo la 60 ml limatha mwezi umodzi ukamadzola kawiri, ndipo ukasiya, zonse zomwe unapindula zimachoka: za minoxidil m'miyezi itatu kapena inayi, za finasteride pasanathe chaka. Nthawi ya mvula yapitayi pomwe ndimagula zinatha kwa milungu yambiri, tsitsi n'kuyambanso kugwa, ndipo zinatenga nthawi kuti pakati paja pabwerere mwakale. Kuchokera pamenepo ndimagula mabotolo atatu pakamodzi ndikawapeza. Ena amatumiza abale ochokera ku Beira kapena ku Maputo, a ku Angónia amadzera pa Calómuè kukagula ku Lilongwe, ena pa Zóbuè kupita ku Blantyre. Za ogulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, amene botolo lawo lilibe tsiku lotha ntchito koma mtengo wotsika modabwitsa, ine sindiyandikirako. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi, basi, DHT saidziwa. Choncho musanayambe, werengani metikali zanu za chaka chonse, osati za botolo loyamba. Amene sangakwanitse zonse ziwiri, ine ndikanasankha piritsi.

Anthu amaseka kuti dazi ndi chizindikiro cha chuma, ndipo munthu wa zaka 25 umangoseka nawo pomwe mkati zikukuwawa. Nthabwala imeneyi kuno ili ndi mbali yake yoipa. Mu 2017 apolisi anachenjeza amuna adazi pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ku Milange, m'chigawo cha Zambézia, chifukwa cha bodza loti m'mutu mwa munthu wadazi muli golide. Mayi anga mpaka lero amandiuza kuti ndikamapita kumudzi usiku ndizivala chipewa.

Za kuwokera tsitsi, zomwe anthu amapitira ku Istanbul kapena ku Johannesburg, ndazisiya kaye. Ndalama zake n'zambiri, tsitsi lathu lopotana limavuta kuzula ndi muzu womwe, ndipo amene khungu lake limatupa zipsera ayenera kusamala kwambiri. Ngakhale uwokere, finasteride umamwabe kuti lotsalalo lisapitirize kugwa. Pamphumi paja ndangogwirizana ndi wometa kuti azimeta motsika mutu wonse, osajambula mzere ndi lezala, chifukwa mzere wakuthwa ndi umene umaonetsa ngodyazo kwambiri.