Kachipangizo kopimira mowa ka m'thumba: kothandiza m'mawa, kopusitsa pabala

Kachipangizo kouzira kaja ambiri amangoti breathalyser mutha kukapeza poitanitsa ku Blantyre kapena kwa achibale a ku Joni. Kwa dalaivala wa mu Zomba muno amene anagwidwapo ataledzera ndipo sakufuna kubwereza, n'koyenera kugula, bola adziwe pomwe kamanama.

Mitundu ilipo iwiri yooneka mofanana, choncho werengani pabokosi. Kotchipa ka semiconductor kasiyeni. Kamasokonezeka ndi utsi wa fodya, ngakhale ndi mpweya wa munthu wodwala shuga, ndipo sikachedwa kufooka. Ka fuel cell n'kodula, koma ndi mtundu umene apolisi a m'maiko ambiri amadalira.

Mukamaliza botolo, dikirani mphindi 15 mpaka 20, tsukani m'kamwa ndi madzi, osasuta. Mowa wotsalira m'kamwa umakweza nambala. Yatsani, kadikireni kakonzeke, kenako uzirani mosadukiza kwa masekondi asanu kapena kuposa mpaka kalire. Mpweya wofunika ndi wochokera mkatikati mwa mapapo, ndiye wouzira pang'ono ngati akuzimitsa kandulo akudzinamiza yekha. Pakapita mphindi zitatu bwerezani.

Samalani ndi muyezo. Malire a lamulo kuno ku Malawi ndi 0.08, kutanthauza mamiligalamu 80 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Tizipangizo tina timawerenga mu ‰ (magawo pa 1,000), pomwe malirewo ndi 0.8, tina mu mg/L ya mpweya, pomwe ndi pafupifupi 0.38. Woona 0.5 pa mg/L m'mutu muli 0.8 wadutsa kale malire osadziwa.

Vuto lalikulu lili pabala. Mowa umapitiriza kulowa m'magazi kwa ola limodzi kapena kuposa munthu atasiya kumwa, makamaka ngati wadyera kanyenya. Wouzira ku Chikanda n'kupeza 0.06 atha kufika pa Thondwe atadutsa 0.08. Komanso kukhala pansi pa malire si kukhala bwino. Bungwe la WHO limalimbikitsa 0.05 kapena kutsikirapo, ndipo pa 0.08 mpata wochita ngozi umakhala utawirikiza kale kawiri, n'kuposa. Makona otsika ku Ku Chawe, kapena wakabaza wopanda nyale akutulukira pa Chinamwali usiku, zimafuna phazi lofika pabuleki msanga, ndipo ndi chimenechi chimene mowa umayamba kuchedwetsa. Wogwiritsa ntchito kachipangizoka powerengera kuti angamwenso angati wataya ndalama zake.

Pomwe kamagwira ntchito yeniyeni ndi m'mawa mwake. Chiwindi chimachotsa pafupifupi 0.015 pa ola, sichifulumira. Munthu wogona pakati pa usiku ali pa 0.15 amadzuka 6 koloko ali pa 0.06, ndipo ziro amafikapo cha m'ma 10 koloko. Khofi, madzi ozizira osamba, msuzi wa mang'ina, zonsezi zimangochotsa tulo. Amene amanyamuka m'mamawa pa M3 kupita ku Blantyre akuganiza kuti ndi matsire chabe amadabwa akaona nambala.

Apa mpomwe kamathandiza wobwerezabwereza. Womwa mozolowera sadzandira, lilime lake silipindika, ndiye amati "thupi langa ndimalidziwa". Akafika kunyumba bwinobwino maulendo angapo amayesa ndi luso, chikhalirecho ndi mwayi. Chizolowezi chimabisa zizindikiro, koma mowa m'magazi umakhala womwewo, ndipo nambalayo sangakangane nayo monga amakanganira ndi mayi a kunyumba.

Kachipangizoka sikaletsa galimoto kulira. Ku America, Sweden ndi Australia olakwa mobwereza amawaikira chipangizo cholumikizidwa ku injini, moti osauzira mpweya wopanda mowa galimoto siilira. Kubwereza kumatsika kwambiri chikakhalapo, koma chikachotsedwa ambiri amabwerera ku zakale. Ka m'thumbaka kalibe mphamvu imeneyo, choncho kasungeni kunyumba, ndipo wowerenga nambala m'mawa akhale munthu wina amenenso ali ndi makiyi. Za takisi yobwerera panganani musanatsegule botolo loyamba.

Musanalipire, funsani wogulitsa komwe kamakonzedwera kuti kaziwerenga molondola, chifukwa kamafunika zimenezi pakapita miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti pakatha chaka mudzagula kena. Tengani timapaipi touzira tapadera ndi mabatire, ndipo musakasiye m'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala, kutentha kumawononga sensa.