Kachitsulo ka Tomei kochepetsa oyilo kumutu wa RB26

Galimoto yanga ya Nissan Skyline R32 GT-R, ya injini ya RB26, inkandidetsa nkhawa. Ndikaiponda kwambiri, oyilo ankadzaza kumutu wa injini, kuma camshaft, osabwerera msanga ku sampu, kosungira oyilo pansi pa injini. Apo ndiye ma bearing a pansi amayamba kuuma.

Makaniko wanga anandiikira orifice ya kampani ya Tomei. Ndi kachitsulo kochepa kwambiri, kokhomera pamwamba pa buloko, kabowo kake kodutsa oyilo wopita kumutu ndi 1.5mm pomwe ka fakitale ndi 2.0mm. Mtengo wake si wodandaulitsa, koma ntchito ndiyo yaikulu: mutu wonse uchoke, gasiketi igulidwe yatsopano. Ikani pomwe injini yatsegulidwa kale.

Titatsegulanso chivundikiro, ma camshaft anali onyowa bwino, opanda zokalika. Ndakhutira nako ndithu. A injini za RB25 musangotengera ine, ambirinu ma lifter anu (tizitsulo tokankha ma valve) ndi a hydraulic, amadalira oyilo ameneyu.