Maluwa a m'dimba lathu lachitsanzo ku Mulanje: omwe apirira, omwe atigwiritsa mwala, ndi nkhani ya nyerere

Chaka chatha, gulu lathu litangotsegula dimba lachitsanzo la maluwa kuno kufupi ndi Chitakale, ndinalemba kuti dothi la ku Mulanje silikana duwa, ndipo aliyense amene ali ndi kabwalo pakhomo angathe kudzala zomwe tadzala ife. Nthawi imeneyo mbande zinali zitangochoka m'machubu, zonse zili biriwiri, ndiye kuyamikira kunali kosavuta. Pano maluwawo aona dzinja lathunthu, aona chiperoni cha Juni ndi Julayi, apsa ndi dzuwa la Okutobala, ndipo mvula yabweranso. Ambiri mwakhala mukufunsa zinthu ziwiri: ndi maluwa ati amene sanatidyere ndalama pachabe, nanga nyerere zoluma zija tinathana nazo bwanji?

Amene wapambana onse ndi hydrangea. Ngati muli ndi ndalama yogulira duwa limodzi lokha ndipo pakhomo panu pali mthunzi wa masana, gulani limeneli. Dothi lathu lofiirali ndi lowawasa, n'chifukwa chake tiyi amakondwa kuno, popeza amafuna nthaka imene muyeso wa kuwawasa kwake (pH) uli pakati pa 4.5 ndi 5.5. M'dothi lotere hydrangea amayamwa aluminiyamu wa m'nthaka, ndipo maluwa ake amatuluka a buluu weniweni, popanda kuthira chilichonse. Tinali ndi mabedi awiri oyandikana, mbande zochokera ku tsinde limodzi. Bedi lina tinkalizunguliza phulusa la kukhitchini pofuna kuona ngati litchinga nyerere, linalo tinalisiya. Pofika nthawi yochita maluwa, bedi la phulusa linatulutsa mtundu wosokonekera, osati buluu osati pinki, pomwe linzake linali buluu mpaka anthu odutsa pamsewu kumaima. Phulusa limachepetsa kuwawasa kwa dothi, basi chinsinsi n'chomwecho. Mabedi awiriwa tawasiya dala momwemo, chifukwa ana asukulu akabwera amamva msanga poona kusiyana ndi kuwafotokozera. Vuto la hydrangea ndi ludzu. Mu Okutobala, ikakwana 11 koloko masamba amakhala atalendewera kale, ndipo amene alibe mpopi kapena chitsime pafupi adzatopa ndi kheni. Kuphimbira ndi udzu wouma kunatichepetsera ntchito kwambiri.

Bougainvillea wa kumpanda anatichedwetsa. Dzinja lonse ankangobiriwira ndi kuponya nthambi zaminga, maluwa ayi. Anadzaonetsa mphamvu mvula itatha, makamaka tsinde lomwe lili pamalo a miyala pomwe sitithira manyowa kapena madzi. Mukamusasatitsa, mudzakolola masamba. Agapanthus sanatipatse ntchito iliyonse, ndipo mizu yake yagwira dothi pamalo otsetsereka pamene madzi ankakokolola. Canna wachuluka mpaka tayamba kugawira anthu, koma nkhono zimaboola masamba ake usiku. Poinsettia anafiira bwino mu Juni ndi Julayi, nthawi imene dimba limaoneka losauka.

Omwe atigwiritsa mwala ndi maluwa a rozi. Ndi amene anadya ndalama zambiri, ndi amenenso aoneka omvetsa chisoni. Chinyezi cha kuno sichiwakomera: kuyambira Januwale masamba anachita mawanga akuda, n'kusanduka achikasu, n'kuthothoka, kutsala timitengo. Chiperoni chitabwera, nkhungu ija yokhala masiku osachoka, matenda anabwereranso. Pali anthu ku Thyolo ndi kuno amene rozi amawayendera bwino, koma ndi anthu amene amadulira, kutola tsamba lililonse lakugwa ndi kupopera mankhwala mosaphonya. Kwa munthu wongofuna pakhomo pokongola, ine sindingamulimbikitse. Impatiens anakongoletsa pansi pa mitengo dzinja lonse, chilimwe chitafika anauma, koma anadzimeretsa yekha ndi mvula yoyamba, ndiye sitikudandaula.

Pali zomera ziwiri zomwe anthu amabwera nazo kudzatigulitsa ndipo timakana. Lantana ndi wokongola, inde, koma mbalame zimamwaza njere zake ndipo amalanda tchire, komanso ndi poizoni kwa ng'ombe. China ndi cycad wa ku Mulanje, Encephalartos gratus, chomera chooneka ngati kanjedza. Munthu akakubweretserani chachikulu, mizu ili yodukaduka, dziwani kuti wachikumba m'phiri. Tinaona kale zomwe zinachitikira mkungudza, mtengo wa fuko lathu: kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonseli. Gulani zomeretsa ku nazale.

Tsopano nyerere, pakuti apa ndi pamene tinathera nthawi yambiri.

Anzathu ena a m'gululi anapeza pa intaneti malangizo ambiri onena za fire ants, ndipo ankafuna tiwatsatire momwe alili. Nyerere imeneyo, Solenopsis invicta, kwawo ndi ku South America. Inalowa ku United States kudzera pa doko la Mobile ku Alabama m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 2001 inapezeka ku Brisbane ku Australia, komwe boma likulimbana nayo mpaka lero. Imamanga kachulu kopanda bowo pamwamba. Mukakagunda zimatuluka zambirimbiri nthawi imodzi, kukwera mwendo, kugwira khungu ndi mano kenako kubaya ndi mbola yakumbuyo. Mawa lake pamalopo pamatuluka katuza koyera. Madzi akasefukira zimagwirana n'kuyandama pamodzi. Zomwe zili m'dimba lathu sizichita zimenezi, ndipo titakhala pansi n'kuyang'anitsitsa tinapeza kuti tili ndi magulu awiri osiyana kotheratu, ndipo lomwe tinkaliopa si lomwe linkawononga maluwa.

Gulu loyamba ndi linthumbu, lomwe aliyense wa kuno amalidziwa. Limabwera kwambiri nthawi ya mvula, mzere wakuda mofiirira wodutsa njira, zazikulu zamitu ikuluikulu zitaima m'mbali mano ali yasa, zing'onozing'ono zikuthamanga pakati zitanyamula mazira ndi nyama. Silibaya, limaluma ndi mano, ndipo likagwira silisiya. Mukakoka thupi limaduka mutu n'kutsala pakhungu. Limakweranso mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira litafika kale m'chiuno. Tsiku lina tikulandira amayi a mpingo wina, mmodzi anaima pamzere akujambula hydrangea pa foni, ndipo zomwe zinatsatira sindingazilembe zonse pano, koma chitenje chinathandiza.

Achinyamata ankafuna kuthira petulo ndi kuyatsa. Amene anawaletsa ndi anganga ena a m'gulu lathu, omwe anagwira ntchito ya m'maluwa kunyumba za ku esiteti zaka zambiri. Anati, "Ana inu, amenewa ndi alendo odutsa. Asiyeni asese, mawa kapena mkuja simuwaona." Mnyamata wina anati, "Nanga anganga, akalowa ku khola la nkhuku?" Iwo anati, "Kumeneko ndiye kotchinga, osati kuno." Ndipo n'zoona. Linthumbu silidya duwa. Limadya mbozi za m'nthaka, mphemvu, nkhono zing'onozing'ono, chiswe chimene lachipeza poyera. Bedi la canna litadutsidwa ndi linthumbu, masamba atsopano anatuluka osabooka kwa kanthawi ndithu. Zomwe timachita pano n'zochepa: m'mawa munthu mmodzi amayendera njira zonse alendo asanafike, akapeza mzere amaika kamtengo ndi nsalu yofiira kuti anthu alambalale. Phulusa louma, lochindikala, timalithira kuzungulira nazale ndi khola la alonda, kutali ndi hydrangea ndi gardenia omwe amafuna dothi lowawasa. Likanyowa ndi mvula latha ntchito, muyenera kuthiranso. Pakhomo pamene pali khanda, wodwala wosatha kudzuka, akalulu kapena nkhuku zotsekeredwa, linthumbu si lochita nalo masewera, ndipo pamenepo tchingani msanga.

Gulu lachiwiri ndi tinyerere tofiirira ting'onoting'ono, tina mwa ito tamitu ikuluikulu, tomwe timakhala pansi pa mapoto, m'ming'alu ya njerwa ndi m'mizu. Timaluma pang'ono, moti poyamba palibe ankatilabadira. Koma hibiscus atayamba kupinda masamba, ndipo gardenia atada bii ngati wapakidwa mwaye, tinatembenuza masamba n'kupeza nsabwe za zomera zitadzaza, zina zobiriwira, zina zoyera zaufa ngati thonje, zina zomata pa tsinde. Nsabwezi zimayamwa madzi a chomera ndi kutulutsa timadzi totsekemera. Nyerere zimamwa timadzito, ndiye zimaweta nsabwezo monga mlimi wa ku Bvumbwe amawetera ng'ombe za mkaka: kuzilondera, kuthamangitsa tizilombo tomwe tikanazidya, ngakhale kuzinyamula kupita nazo pa nsonga yanthete. Kuda kwa masamba kuja ndi nkhungu yomera pa timadzi totsekemerato. Alimi a chinanazi kuno akudziwa nsabwe zoyera zomwe zimafotetsa mbewu yawo, ndipo a ku Thyolo sangaiwale chisaka chomwe chinatha nthochi, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi. Konseko mukafukula mupeza nyerere zili pambali pa nsabwe.

Tayesa njira zingapo, ndipo sizofanana mphamvu.

Madzi otentha amagwira ntchito pa chisa chomwe chili panjira kapena pakati pa njerwa. Ofufuza a ku Texas amati ngakhale pa fire ants, ndowa ya madzi otentha kwambiri imatha pafupifupi zisa 6 mwa 10 zilizonse. Koma madzi omwewo amaphika mizu, ndiye m'bedi musayerekeze. Ndi ntchito yodya nkhuni, komanso yoopsa ngati pali ana pafupi. Parafini ndi petulo ayi: pomwe munthu wina anathira parafini m'mbali mwa kapinga, mpaka lero pali chipazi.

Ufa wophera nyerere wa m'sitolo za zipangizo zaulimi umapha zomwe zaugunda, mawa mupeza mitembo yambiri n'kusangalala. Pakatha masabata angapo mzere umayambanso, chifukwa manthu ali pansi akuikira mazira, ufa sunamufike. Umaphanso njuchi ukagwera pa duwa. Tinasiya.

Chomwe chatithandiza kwenikweni ndi kumenya mbali ziwiri nthawi imodzi. Nsabwe timazipopera madzi a sopo wochepa, ongochita thovu pang'ono, madzulo dzuwa litapepa, kulunjika kunsi kwa masamba. Zikakanika timagwiritsa ntchito ombwe, chitsamba chimene masamba ake amapha tizilombo: kusinja masamba, kuviika usiku wonse, kusefa ndi nsalu, kuonjezera kasopo, kupopera madzulo chifukwa dzuwa limaupha mphamvu. Valani magolovesi kapena majumbo m'manja. Ndipo ombwe amapha nsomba, choncho sipuleya ndi ndowa musatsukire mumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba. Madzi a kuno onse amathera mu Ruo. Pa zitsamba za tsinde limodzi monga hibiscus ndi gardenia timakulunga pulasitiki pa tsinde n'kupaka girisi pamwamba pa pulasitikiyo, osati pa khungwa. Mukatero dulani nthambi iliyonse yogunda khoma kapena chomera china, apo ayi nyerere zipeza mlatho tsiku lomwelo. Fumbi likamata pa girisi, pakaninso.

Kwa nyerere zenizenizo, nyambo ndiyo yatipatsa mpumulo wautali. Timasungunula shuga m'madzi n'kuikamo mankhwala a ufa woyera otchedwa boric acid ochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100, kuviika thonje, n'kuika m'kabotolo kotseka kobooledwa timabowo ting'onoting'ono, kuti ana, nkhuku ndi agalu asafikire. Mukachulutsa mankhwala, nyerere zimafera panjira kapena kuikana, ndiye manthu sadya. Masiku oyamba zimachita kuchuluka pa botolo, ndipo anthu ena amataya mtima n'kuyamba kuzipha, pomwe zimenezo ndi zomwe zikunyamula mankhwala kupita nawo pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa ife mizere inayamba kuchepa patapita masabata, ndipo gardenia anaphukira masamba oyera opanda mwaye. Sizinatheretu, ndipo sindikhulupirira munthu amene angakuuzeni kuti anazitheratu. Mu nyengo imene nyerere zikufuna zamafuta osati zotsekemera, chiponde pang'ono m'malo mwa shuga chimazikoka.

Pa malangizo onse a fire ants aja, limodzi ndi limene talitenga lonse lathunthu. Kumaiko kumene nyerereyi yafala, imayenda kwambiri m'dothi la mbande, m'kapinga wogulitsa ndi m'manyowa, n'chifukwa chake ku United States ndi ku Australia kuli malamulo oletsa kusamutsa zinthu zimenezi mwachisawawa. Ifenso tinaona kuti tinyerere tathu ndi nsabwe zoyera zinkalowa ndi machubu ogula m'mbali mwa msewu. Pano mbande iliyonse yachilendo imayamba yakhala payokha pa thandala kwa masabata awiri. Timagogoda chubu, kuyang'ana kunsi kwake, ndipo chokayikitsa timachimiza m'ndowa ya madzi a sopo mpaka dothi lonse litamira. Ngati muli chisa, zimatuluka zokha zitanyamula mazira. Mukadzaona kachulu kopanda bowo, nyerere zake zobaya n'kusiya matuza oyera, musafukule; tengani zingapo m'kabotolo mukaonetse alangizi a zaulimi. Ndipo munthu akalumidwa ndi nyerere ya mtundu uliwonse n'kuyamba kutupa nkhope kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala, osadikira.

Dzinja lino bedi la rozi tikulizula, kusiya matsinde awiri okha amene anganga aja akana kuti tiwakhudze ndipo alonjeza kuwasamala okha. Pamalopo tiika hydrangea wina ndi agapanthus, ndipo kumpanda wakumunsi tionjezera vetiva kuti madzi ochokera kumsewu asamatikokololere manyowa. Amene mukufuna timitengo ta hydrangea todzala, bwerani ndi machubu anu Loweruka m'mawa, koma dothi mudzatenge la konkuno, lakwanu lisalowe m'dimba.