Kapeti wa pa okushoni ankati ngwa ku Turkey, koma kumbuyo kwake kukunena zina

Chaka chatsala pang'ono kukwana chigulireni kapeti pa okushoni ina kuno ku Leicester, nde ndati ndilembeko mmene wakhalira mnyumba muno komanso nkhani ya komwe anachokera, poti imeneyo ndi imene inandidyera nthawi kwambiri. Ndi woluka pamanja, wa ubweya wa nkhosa, mamita pafupifupi 2 mulitali ndi 1.3 mulifupi, pakati pofiira modera, m'mbali buluu wakuda. Nyundo inagwa pa £70 koma musanamizike nazo, eni okushoni anawonjezerapo 25 peresenti yawo, kenako VAT ya 20 peresenti pa gawo lawolo, moti ndinatuluka nditasiya £91. Anthu amaiwala zimenezi akamakweza dzanja.

Mukatalogi anangolemba kuti ndi wa ku Turkey basi, osatchula mudzi kapena zaka. Ndipo ndikumvetsa komwe anazitenga. Mukapinda kapeti kuti ubweya utseguke n'kuyang'ana pansi penipeni, mumaona mfundo. Pali mfundo yomwe imakulunga ulusi uwiri woimirira mofanana, nsonga zake ziwiri n'kutulukira pamodzi pakati, imeneyo amaitcha ya chi Turkey kapena Ghiordes. Ina imakulunga ulusi umodzi wokha, winawo imangoudutsa pansi, nsonga n'kutuluka motalikirana, imeneyo ndiye amati ya chi Persia kapena Senneh. Wanga ali ndi yoyambayo. Nde munthu wa okushoni yemwe ali ndi katundu wodzadza holo, mipando, mawotchi, mbale za agogo a anthu, akangoona mfundo imeneyo amalemba Turkey n'kupita pa chinthu china.

Vuto ndi loti mfundo siitsata malire a dziko. Kumadzulo kwa Iran kuli midzi yambirimbiri komwe anthu amalankhula chi Kurd ndi zinenero za chi Turkic, zapachibale ndi cha ku Turkey, ndipo amamanga mfundo yomweyi kuyambira kale.

Chomwe chinandiyambitsa kukaika ndi mphonje. Pa kapeti woluka pamanja mphonje sizisokedwa, ndi nsonga za ulusi woimirira womwe kapeti yense wamangidwapo, mukaona zosokerera dziwani kuti mwina ndi wa makina kapena anakonzedwapo. Zanga ndi zoyera, zolimba, zosapota ngati ubweya. Ndinadula kaulusi kamodzi n'kukayatsa pa sinki, kanayaka msanga, fungo la pepala, phulusa lofewa. Limenelo ndi thonje. Ubweya ukanapsa monyinyirika ndi fungo la tsitsi. Pomwe makapeti ambiri a m'midzi ya ku Anatolia, m'dziko la Turkey, amamangidwa pa ulusi wa ubweya, ndipo pakati pa mzere wa mfundo ndi unzake amadutsitsapo ulusi wopingasa kawiri kapena kuposa, nthawi zambiri wofiira.

Nde tembenuzani kapetiyo. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Kumbuyo kwa wanga kuli timadontho toyera mbwee, ngati munthu wawaza ufa pa chitenje, ndipo mukayandikitsa maso mumaona kuti ulusi wopingasa wadutsa kamodzi kokha pambuyo pa mzere uliwonse wa mfundo, nde poti ukulowa pansi pa wina n'kukwera pamwamba pa wina, ulusi wa thonje uja umaonekera modumphadumpha. Thonje, mfundo ya Ghiordes, wopingasa umodzi. Zitatu zimenezi zikakumana anthu a ntchitoyi amangoti Hamadan, dzina la mzinda wa kumadzulo kwa Iran. Ndinawerenganso mfundo ndi rula, 7 chopingasa ndi 8 chotsika pa inchi, kutanthauza 56 pa sikweya inchi, zomwe ndi zokhakhala, za kumudzi, osati za mafakitale a mumzinda ngati Isfahan kapena Qom komwe zimafika mahandiredi.

Ndinapita naye kwa bambo ena achikulire ochokera ku Iran omwe amakonza makapeti, cholinga anione m'mphepete momwe munayamba kumasuka. Poyamba sanayang'ane n'komwe maluwa. Anamugudubuza, kumugwira kumbuyo ndi chikhatho, kukanda pang'ono ndi chala, basi akuti Hamadan, mwina cha ku Hosseinabad poona kalembedwe ka pakatipo. Kalembedwe kameneka amakatcha Herati, kaduwa mkati mwa kadayamondi, kuzungulira timasamba tinayi topindika tomwe ena amati ndi nsomba, nkumabwerezabwereza mpaka kudzadza. Koma iwo eni anandichenjeza kuti maluwa aliyense amakopera, Herati yemweyo mumupeza wolukidwa ku India kapena ku Pakistan, pomwe kamangidwe ka kumbuyo munthu amaluka mmene anaphunzirira kwa mayi ake. Za mudzi weniweni anati ndisalumbire nazo, chifukwa Hamadan ndi msika, makapeti a m'midzi yozungulira ngati Tuyserkan, Nahavand ndi Malayer amadutsira kumeneko n'kutenga dzina.

Kwa anzanga a kutchalitchi, Hamadan ameneyu ndi Ecbatana wakale uja, likulu la Amedi, komwe pa Ezara 6:2 anapeza mpukutu wa lamulo la Koresi. Mumzindamo mulinso manda omwe Ayuda amati ndi a Esitere ndi Moredekai. Amayi atamva zimenezi pa foni anasiya kundinena za kugula chiguduli cha anthu akufa.

Zaka zake bambowo anaponya pakati pa 1950 ndi 1970. Anandionetsa kaolenji kowala kwambiri m'timaluwa tina, kosagwirizana ndi mitundu inayo, akuti umenewo ndi utoto wa mankhwala osati wa zomera. Utoto wotere unayamba 1856 pomwe William Perkin anautulukira ku London, nde kaolenji pakokha sikanena chaka, kamangokuuzani kuti musalote zoti mwatola chuma cha mafumu.

Tsopano mmene wakhalira. Masabata oyamba fumbi lake linali loopsa, mchenga weniweni, huva, makina okoka fumbi, yokha siinathe mpaka ndinamuyanika chadodolido pa mpanda n'kumumenya kumbuyo. Huva gwiritsani yongokoka mpweya, burashi yozungulira ija imadya mphonje. Pansi pathu ndi pa timatabwa ta laminate, nde amaterereka koopsa, mwana anatsala pang'ono kugwa, ndinachita kugula kamphira koyala pansi. Kofiira kamatuluka pang'ono ndikapaka kansalu koyera konyowa, buluu ayi, choncho tiyi atatayikira ndinangopsinya ndi thaulo ndi madzi ozizira osapukuta mokhula, ndipo banga silinatsale. Ubweya wake ndi wamafutamafuta, sumwa zinthu msanga.

Chomwe chinandipweteka ndi njenjete. Mbali yomwe inalowa pansi pa sofa, kumdima komwe phazi silifika, ndinakapeza kadazi kakang'ono ubweya utadyedwa mpaka thonje kuonekera, ndi tizikwa toyera. Zimadya ubweya wokha, thonje zimalisiya. Kuyambira pamenepo ndimasuntha sofa, kuhuva mbali zonse ziwiri, ndi kumutembenuza kuti dzuwa la pawindo lisasulutse mbali imodzi. Sizinabwerenso, koma nyumba za kuno zotentha ndi hita nyengo yonse yozizira zimazikonda, musagone.

Alendo ena amandifunsa ngati anasuluka poona kuti kufiira kwake kumasintha pakati, mzere wina wakuda wina wowala. Sikusuluka kumeneko, amati abrash, woluka ulusi unamuthera n'kupitiriza ndi wina wonyikidwa tsiku lina. Ine ndimakonda pomwepo. Ngodya imodzinso ndi yokhota, mulifupi kumtunda ndi kumunsi mumasiyana ndi zala ziwiri.

Pa mtengo, kusintha dzina kuchoka Turkey kupita Iran sikunawonjezere kalikonse, a Hamadan ndi ambiri ndipo pa okushoni amapita motchipa chonchi. Koma pomwe timaponda tsiku ndi tsiku sipanaphwe ngakhale pang'ono, pomwe wa m'shopu yemwe analipo kale anagona ubweya chaka chisanathe. Kukonzetsa m'mphepete mbali zonse ziwiri bambo aja ananditchula ndalama yoposa yomwe ndinagulira, nde tinagwirizana kuti angomanga mbali yomasukayo ndi kutseka mphonje za kumapeto kuti mfundo zisamathothoke. Kadazi ka njenjete ndakasiya kaye, kali pansi pa sofa.