Chiwindi cha wodwala shuga: jakisoni wa FGF21 kapena kuchepetsa thupi

Shuga wa mtundu wachiwiri amaunjikitsa mafuta m'chiwindi, ndipo pakapita zaka chimachita zipsera n'kuuma. Jakisoni wa efruxifermin, wotsanzira FGF21, homoni ya m'thupi yothandiza kuwongolera mafuta ndi shuga, amabayidwa kamodzi pa sabata. M'kafukufuku wachepetsa mafutawo ndi zipsera zomwe, koma ena amamva nseru ndi kutsegula m'mimba. Akadali poyesedwa, ndiye musavutike kumufunsa m'mafamase a pa Kasungu boma.

Kuchepetsa thupi ndiye kuli m'manja mwanu. Munthu wa makilo 80 akataya 6 mpaka 8, kutupa kwa chiwindi kumatsika. Mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke, kachasu ndi zakumwa zotsekemera zisiyidwe. Vuto lake, mukalekerera thupi limabwerera. Metformin, mankhwala a shuga, pitirizani kumwa, ngakhale payekha sachiza chiwindi. Yezetsaninso hepatitis B (matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo), nayenso amaumitsa chiwindi mwakachetechete.